Njovu za ku Liwonde, mkati ndi kunja kwa mpanda

Ambiri mwa ife njovu tinaidziwira m'nthano, momwe Kalulu amangoipusitsa. Yamoyo, yoyenda yokha m'tchire, tinakaiona koyamba ku Liwonde National Park, titasonkherana ndalama za minibasi ndi zolowera pachipata.

Inali nyengo ya chilimwe, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, ndipo nthawi yotere njovu sizitalikira madzi. Tinazipeza madzulo tili m'bwato pa mtsinje wa Shire, zikuzula bango ndi chitamba n'kumalikutumula matope zisanaponye m'kamwa. Chinyama cholemera matani angapo, koma chikamayenda simumva mgugu. Patsogolo panali yaikazi yaikulu, yomwe ndi mwini gulu, ndipo kamwana kankayenda pansi pa mimba ya amake. Bambo amene ankayendetsa bwato anazimitsa injini natipempha kuti titsitse mawu. Anati njovu imakhala ndi bere miyezi 22, choncho pa mwana siseka ndi munthu. Ngakhale anzathu aja osatha kukhala chete m'kalasi anatseka pakamwa.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuiyendetsa mu 2015, tchire linali lodzaza ndi misampha ya waya, ndipo alonda anachotsamo masauzande ambiri. Anamanganso mpanda wamagetsi. Koma malowa ndi ochepa, masikweya kilomita pafupifupi 550, pamene njovu yaikulu imodzi imadya makilogalamu oposa 100 patsiku. N'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Amazibaya mankhwala ogonetsa ali mu helikopita, banja lonse pamodzi, kenako kireni imazinyamula miyendo ili m'mwamba n'kuzikweza m'galimoto.

Tonse tinkajambula ndi mafoni, kupatula mlongo wathu wina amene kwawo ndi kufupi ndi pakiyi, mbali ya ku Machinga. Titamufunsa, anatifotokozera njovu ina yomwe ife sitinaione. Imeneyo imabwera usiku, chimanga chikangoyamba kukhwima. Anthu amagona kumunda, kusonkha moto, kuimba zitini, ena kutentha tsabola wosakaniza ndi ndowe kuti utsi uziithamangitsa. Ikalowa ndithu, pofika m'mawa munda wonse uli pansi, ndipo fizi ya mwana wa sukulu imachokera m'munda womwewo. Iye anavomera kuti mpanda wathandiza kwambiri, kungoti zamphongo zina zimaphunzira kuuthyola ndi minyanga, poti magetsi sadutsa m'minyangamo. Ena a ife tinakumbukiranso kuti njovu zija zitafika ku Kasungu, kunamveka za anthu ophedwa m'midzi yoyandikana ndi pakiyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe.

Pobwerera m'minibasi munabuka mtsutso. Ena ankati popanda njovu alendo sangabwere, ndipo achinyamata olembedwa ntchito m'pakimo angakhale pakhomo. Ena ankati mlendo amalipira tsiku limodzi n'kupita, koma wodyeredwa chimanga amasowa chakudya chaka chonse. Ife amene tinangobwera kudzaona, kuyamikira njovu sikunatitayitse kanthu, ndipo tikuganiza kuti pa nkhani imeneyi mawu a mlongo wathu uja ndiwo olemera kuposa athu. Komabe iyenso, titamufunsa ngati akadakonda njovu zonse zitachotsedwa, anakana. Anati akufuna mpanda wolimba, ndi alonda obwera msanga anthu akaimba foni usiku.

Titatuluka pachipata tinaona kuti minda imayambira pafupi penipeni ndi waya. Mayi wina, mwana ali kumbuyo, anali atayamba kale kuunga mizere kudikira mvula yoyamba.