Makhola a ku Bunda

Mtsikana wina wa Fomu 3 sanaleke kufotokoza, pa depoti ya minibasi pa Nkhata Bay m'mawa uno. Sukulu yawo idapita ku Bunda, koleji ya zaulimi ya LUANAR kufupi ndi Mitundu, ndipo mtima wake udatsala ku makhola.

Akuti pakhomo la khola la nkhumba adayamba aponda m'madzi amankhwala, kuopa kulowetsa chigodola. Kenako adaona ng'ombe zamkaka zamathothomathotho, akuda ndi oyera, zikudya nsenjere zoduladula zosakaniza ndi madeya. Mwana wa ng'ombe wina adamuyamwa chala, lilime lake lokhakhala, iye n'kukuwa! Chomwe chidamugwira mtima kwambiri ndi khola la mbuzi lam'mwamba: pansi pake timipata, ndowe zikugwera pansi, mbuzi zili gone pouma.

Mwana wokulira pa usipa, batala ndi kondowole, lero akuti adzakhala dokotala wa ziweto. Zimenezi n'zosangalatsa zedi.

Koma Bunda ndi kutali. Siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Mkondezi ili pafupi pompa, kungoti kumeneko n'za mbewu monga chinangwa. Nanga ana a kunyanja kuno angakaone kuti makhola otere chapafupi, mukudziwako inu?