Nambala 517 ndi mtsikana wa mu Fomu 3

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndili ndi nkhani ya kompyuta, koma musathawe, pakuti ikathera m'kalasi.

Kusukulu kwathu kuno ku Neno tili ndi kakompyuta kamodzi kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'chikhatho. Timakayendetsa ndi batire la sola, ndipo m'kati mwake muli mabuku ndi Wikipedia yosafuna intaneti. Teremu yapitayi mnzanga wophunzitsa Chingerezi anandipempha kuti kazitulutsa mawu omveka bwino, ana azimvera ndakatulo m'kalasi. Ndinaitanitsa kabolodi ka mawu, kolumikiza pa timapini 40 ta kakompyutako, ndi ndalama za m'thumba mwanga. Ndinakalumikiza, ndinalemba mzere wake mu fayilo ya config.txt, ndi kuyatsa. Sipika inangoti zii.

Ndinalemba dmesg, lamulo loonetsa zonse zimene makina alemba poyaka. Pamzere wa kabolodi kaja panali mawu akuti failed ndi nambala -517. Ndinangoti basi, ndagula chakufa. Ndinakazula n'kukaponya m'kabati, mtima ukuwawa ndi ndalama zanga.

Patapita milungu iwiri ndinatumiza chithunzi cha mzere uja pa WhatsApp kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, pano amakonza makompyuta ku Lilongwe. Anayankha msanga: "Sir, musakataye. 517 si maliro ayi. Kakunena kuti pali chimene kakudikira. Taonani kaye kuti kakudikira chiyani."

Zimene anandifotokozera, kuphatikiza zimene ndinawerenga ndekha pambuyo pake, ndi izi. Pakatikati pa pulogalamu yoyendetsa kompyuta pali gawo lotchedwa kernel. Mu kakompyuta kathu muli kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo ndi yomweyo ili m'mafoni onse a Android amene ali m'matumba mwanu. Makina akamayaka, kernel imayenda pa chipangizo chilichonse, n'kuitana kapulogalamu kake kotchedwa driver kuti kachidzutse. Vuto ndi loti zipangizozi zimadalirana. Kuti mawu atuluke, pafunika kachipangizo kosandutsa manambala kukhala mawu, kotchedwa codec. Codec imalandira malamulo kudzera pa mawaya awiri otchedwa I2C. Mawaya amenewanso sagwira ntchito mpaka gawo loyang'anira timapini litadzuka. Zili ngati kuchigayo: injini iyambe yalira, lamba azungulire, ndiye muthire chimanga. Pozimitsa ndiye mosemphanitsa, mumayamba mwasiya kuthira chimanga.

Kale, driver ikaitanidwa chimene imadalira chisanadzuke, inkangolephera, nkhani n'kuthera pomwepo. Olemba mapulogalamu ankachita kukonza pamanja ndondomeko yoti ichi chiyambe, icho chitsatire, ndipo ndondomeko yoyenda bwino pa makina amodzi inkasokonekera pa ena. Mu 2012, mu Linux 3.4, Grant Likely analowetsa njira ina. Driver inapatsidwa yankho lachitatu, losakhala "ndadzuka" kapena "ndalephera". Yankholo ndi EPROBE_DEFER, nambala yake 517, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "sindinakonzeke, mundiitanenso". Kernel imaika chipangizocho pamndandanda wa odikira, ndipo china chikadzuka bwino, imabwerera kukayesanso onse a pamndandandawo.

Njirayi inathandiza, koma inali yongoyesa n'kuyesanso, osadziwa kuti ndani akudikira ndani. Mu 2017, mu Linux 4.10, Rafael Wysocki anawonjezera zotchedwa device links, pomwe kernel imalemba poyera kuti uyu ndi wopereka, uyu ndi wolandira. Wolandira sadzutsidwa wopereka asanakonzeke, ndipo makina akamagona, wolandira ndiye amayamba kugona. Kuyambira mu 2021, chifukwa cha ntchito ya Saravana Kannan, kernel imadzipangira yokha zambiri mwa zolumikizanazi powerenga device tree, fayilo yofotokoza mmene bolodi inamangidwira. Nkhani imene imaoneka yaing'onoyi inawatengera akatswiri zaka pafupifupi khumi.

Ndinatulutsa kabolodi kaja m'kabati. Mnyamata uja anandiuza kuti nditsegule fayilo ya devices_deferred, momwe muli mndandanda wa odikira. Kabolodi kanga kanalimo. Kenako ndinalemba i2cdetect kuti ndione ngati codec ikuyankha, ndipo panalibe chilichonse. Nditayang'anitsitsa ndi tochi ya foni, ndinapeza kuti pini nambala 3, imodzi mwa ziwiri za I2C, ndinaipinda ndekha polumikiza, sinalowe pabowo pake. Ndinaiwongola pang'onopang'ono ndi kampeni, ndi kuyatsanso. Sipika inalira. Kabolodi kanali kabwinobwino nthawi yonseyo, kankangodikira kanzake kamene ine ndinakatsekera njira.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkaganiza za mtsikana wina wa mu Fomu 3 amene ndimamuphunzitsa masamu. Amakhala kutsogolo, sajomba, amalemba zonse za pabolodi mwaukhondo. Koma pa quadratic equations anapeza ziro kawiri, ndipo mu staff room ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti alibe mutu wa masamu. Ndinali nditamuponya m'kabati monga kabolodi kaja, osafunsa kuti akudikira chiyani.

Lolemba lake ndinamupatsa mafunso asanu a kupulayimale ndi a mu Fomu 1. Kuchulukitsa ndi kugawa anakhoza. Koma -3 kuchotsa 5 analemba 2. Nditamufunsa, anandiuza motsitsa mawu kuti, "Sir, nthawi imene ankaphunzitsa ma negative mu Fomu 1 ndinali kuchipatala, ndimadikirira amayi." Milungu itatu yokha imeneyo. Zonse zimene tinamanga pamwamba pake kwa zaka ziwiri zinalibe pokhazikika. Formula ankaidziwa pamtima, koma akafika pa chizindikiro cha kuchotsa ankagwa.

Ndinapereka mafunso omwewo ku kalasi yonse, ndipo sanali yekha. Ena anakodwa pa ma fraction, ena pa Chingerezi cha funso lenilenilo, osati pa masamu. Tsopano kumapeto kwa buku langa la zokonzekera ndili ndi mndandanda wanga wa odikira: dzina la mwana, ndi chinthu chimodzi chimene akudikira. Lachitatu masana timakumana theka la ola kugwira zimenezo basi. Ndalembanso pa tchati mitu ya silabasi ndi mivi yoonetsa kuti mutu uwu umadalira uti, kuti ndisamayambe mutu wolandira wopereka wake asanadzuke.

Sindikunamizani kuti zonse zatheka. Ndi ana odzaza kalasi ndi silabasi yotithamangitsa, theka la ola ndi lochepa. Ndipo pali phunziro lina kwa kernel yomweyo: chipangizo chikhoza kukhala pamndandanda wa odikira mpaka kalekale, mwakachetechete, ngati chimene chikudikira sichibwera. Kabolodi kanga kakanadikira mpaka kuchita dzimbiri. Kulemba dzina pamndandanda si kuthandiza, pafunika munthu wotenga tochi n'kukaona pini yopindika. Komanso makina angathe kudikira, koma mayeso a MSCE sadikira munthu.

Mtsikana uja pa mayeso a sabata yatha anakhoza mafunso anayi mwa asanu ndi limodzi. Sanakhale woyamba, koma anabweza pepala akumwetulira, ndipo ine ndinapita ku staff room kukabweza mawu anga pamaso pa omwe anandimva.

Aphunzitsi anzanga, musanalembe F yofiira ija, tafunsani kaye kuti mwanayu akudikira chiyani. Ndipo inu amene ndinakuphunzitsani, ngati alipo amene ndinamutcha wopanda mutu pomwe ankangodikira, ndikhululukireni. Ndinali ndisanaidziwe nambala 517.