Lupanga linandisewerera gemu yonse

Elden Ring ndinaimaliza mu 2022, chaka chomwe inatuluka, koma kuisewera sindinkadziwa. Anzanga ankanditama, ine n'kumavomera, pansi pa mtima ndikudziwa kuti ntchito yonse inagwiridwa ndi lupanga lotchedwa Rivers of Blood.

Lupangali umalitenga ukapha Okina pafupi ndi Church of Repose, ku Mountaintops of the Giants. Poyamba anthu sankaliwerengera chifukwa mapointi a Arcane sankaliwonjezera mphamvu monga zinayenera kukhalira. Patch 1.03 ya mu March inakonza vutolo, ndipo aliyense analithamangira. Luso lake, Corpse Piler, limatema motsatizana mwaliwiro, kwinaku likuwaza magazi patsogolo pomwe chitsulo sichifika. Mdani akangoyamba kutaya magazi, chigawo chachikulu cha moyo wake chimachoka nthawi imodzi. Ndinapita kwa Rennala ndi Larval Tear, ndinaphwasula build yanga yonse, mapointi n'kuwaunjika ku Dexterity ndi Arcane. Vigor, yomwe imapatsa munthu moyo wopirira nkhonya, ndinaimana. Odziwa amaikweza kufika 40, ena mpaka 60. Ine ndinkati wopha msanga safunika moyo wambiri.

Malenia, bosi amene amaliza anthu misozi, ndinamugwetsa ndi batani limodzi. Waterfowl Dance yake, kuvina kwa lupanga kumene ena amakuphunzira masabata, sindinakuyang'anitsitse n'komwe. Chenjezo linabwera kumapeto: mabosi omaliza, Radagon ndi Elden Beast, sataya magazi. Pamenepo ndinasowa pogwira, ndinkaitana Mimic Tear, nthawi zina osewera ena a pa intaneti, kuti andimenyere, ine ndikuzungulira kutali. Kwa anzanga ndinangoti ndamaliza.

Mu August kunabwera patch 1.06. Mphamvu ya magazi owazika aja inachepetsedwa, kotero kuti upweteke mdani zenizeni umayenera kuyandikira mpaka chitsulo chimukhudze. Bloodhound's Step, imene ambiri tinkathawira, nayonso inafooketsedwa ukaigwiritsa ntchito motsatizana. Kusinthaku kunali koyenera. Pomenyana osewera okhaokha, kulikonse unkakumana ndi lupanga lomweli, ndipo munthu wa nyundo kapena mkondo, amene anathera nthawi pa chida chake, ankafa asanatukule dzanja. Ine ndinali mmodzi wa owapha motero, ndipo ndikakumbukira ndimamva manyazi.

Nditabwerera kwa Malenia paulendo wachiwiri, zonse zinaonekera poyera. Kuyandikira kunatanthauza kudziwa nthawi yolewa, ndipo sindinkaidziwa. Iye akakutema moyo wake umabwerera, wanga unali wochepa. Usiku unkatha ndikufa pa malo amodzi. Kunyumba ndinayamba kuyankha anthu mwaukali, m'mawa n'kupita kuntchito maso ali psuu. Chinkandiwawa kwambiri chinali bodza lomwe ndinadzinamiza kwa miyezi, loti ndine katswiri.

Ndinayambanso pachiyambi, ndi Vagabond ndi lupanga lake wamba, popanda kuitana aliyense. Margit, bosi amene poyamba ndinamudutsa mwamwayi, ndiye anakhala mphunzitsi wanga. Amakweza ndodo m'mwamba n'kuiimika kaye, kudikira kuti uchite mantha ugubuduzike msanga, kenako n'kukutsitsira. Kuti umugonjetse uyenera kuyang'ana dzanja lake, kuugwira mtima, n'kulewa pomwe ndodo yayamba kutsika. Tsiku limene ndinamupha manja ankanjenjemera, chimwemwe chake sindinachimvepo nthawi yonse ya Rivers of Blood.

Anzanga aja ndinawauza zoona. Mmodzi anaulula kuti iyenso anadalira luso la Hoarfrost Stomp mpaka patch 1.03 inalifooketsa, ndipo anaisiya gemuyo osabwereranso. Ine pano Vigor yanga ili pa 60, ndipo ndimakweza zida ziwiri zosiyana kuti china chikasinthidwa ndisagwire njakata. Malenia ndi lupanga wamba sindinamugonjetsebe. Gawo loyamba la Waterfowl Dance ndayamba kulipulumuka, lachiwiri likundiphabe.