Kwa mphwanga, za gulu lathu la pa WhatsApp

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti abale asankha iwe kuti uziyang'anira gulu lathu la pa WhatsApp. Ndakondwa, pakuti ndiwe wodekha. Koma pali nkhani ya mauthenga a mawu aja, amene munthu amangodina foni n'kuyamba kulankhula.

Zolemba timaziwerenga ndi kachikaiko. Mawu ayi. Ukamva mayi akulankhula ali wefuwefu, mwana akulira chakumbuyo, mtima umavomera mutu usanafunse kanthu. Ukukumbuka za anamapopa mu 2017? Mphekesera zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Umboni wa wopopa magazi sunapezeke. Aliyense ankangoti wamva.

Tsono uthenga ukafika, yamba wafunsa: akulankhulayo ndani, anaona yekha kapena anachita kuuzidwa? Timivi tiwiri pamwamba pa uthenga tikutanthauza kuti wadutsa m'manja ambiri. Muimbire amene wakutumizirayo. Akati nayenso wangolandira, uthere pa iwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi maliro. Kwathu kuno zovuta zikagwa, amayamba kumva ndi mwinimbumba, iye n'kukagwada kwa amfumu, kenako n'kutuma anthu okhwima kwa ana a malemu. Wotumidwayo amakhazika munthu pansi, amayang'ana ngati pali wina pafupi womugwira akakomoka. Foni siyang'ana zimenezo. Mwana ali pantchito ku Johannesburg asamve za imfa ya bambo ake pagulu, pakati pa nthabwala ndi malonda a kaunjika. Wina akathamangira kulengeza, fufuta msangamsanga, umuimbire pambali. Dikira akuluakulu akuuze kuti onse oyenera amva.

Usajambulenso mawu a munthu mobisa. Zokambidwa pa milandu ya banja n'za omwe anakhala pamphasapo. Dziwanso kuti kuyambira 2016 tili ndi lamulo loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo nambala yako inalembetsedwa ndi chiphaso chako.

Sindikudana nayo foni. Pa namondwe wa Freddy mu 2023, ambiri anadziwa kuti abale awo ali moyo chifukwa cha iyo. Agogo akonso sawerenga, koma mawu ako amawamvetsera mobwerezabwereza. Uziwatumizira Lamlungu lililonse, pa foni ya azakhali ako aja oyandikana nawo nyumba.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine malume ako.