Zilembo za achimwene anga

Achimwene anga tinawaika m'manda mvula ya chaka chatha isanagwe, ndipo sabata yathayi zilembo zawo zomaliza zawatsatira. Nditatsika minibasi pa Mponela ndinapeza khoma la chigayo limene panali zilembozo atalipaka penti wa kampani ya foni kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinangoti chilili, misozi ili mbwembwembwe, anyamata a kabaza akundilambalala.

Achimwene sukulu sanapite nayo patali, koma dzanja lawo mumalidziwa mukadali kutsidya la msewu. Zilembo zawo zinali zonenepa, zamakona, zoima njo. O wawo sanali wozungulira ayi, anali ndi ngodya 8. Ena ankayesa n'kukometsera, chonsecho chinali chida: ankazidula pa lata la debe la palafini ndi tchizulo ndi hamala, ndipo tchizulo sadziwa kukhota. Pa A, pa O ndi pa R ankasiya timilatho kuti mtima wa chilembo usagwe. Ine yanga inali kupanikiza latalo pakhoma iwo akudinda ndi kansanza konyika mu penti. "Gwira zolimba iwe," ankatero, "ukanjenjemera chilembo chilumala."

Mu 1971, kwacha ndi tambala zitalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, aliyense wa golosale ndi tiyirumu anafuna bolodi latsopano la mitengo. Tinapalasa njinga imodzi kupita ku Madisi, ku Dowa boma, mpaka ku Mvera, ndipo pa zitunda za ku Ntchisi tinkachita kuikankha, malata akulira ngwengwengwe pakaliyala. Kwina ankatilipira nkhuku, kwina mtedza.

Koma nthawi imene ndimaikumbuka kwambiri ndi ya pambuyo pa 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale. Belo lililonse lopita ku okushoni ku Kanengo linkayenera kukhala ndi nambala yooneka bwino pachiguduli, chifukwa nambala ikasokonekera thukuta la chaka chonse limasochera. Makalabu a alimi ankafola pakhonde pathu kusanache kudzadulitsa manambala awo. Azigogo osadziwa kuwerenga ankazindikira nambala yawo pa maonekedwe ake, n'kuisisita ngati mutu wa mdzukulu. Achimwene sankadula mothamanga ngakhale anthu atadandaula. Ankati 3 akafanana ndi 8, ana a munthu agona ndi njala.

Lero zikwangwani zimatuluka mu kompyuta ku Lilongwe, zosalala, zamitundumitundu, ndipo dzuwa likaziwomba zaka ziwiri zimayererako. Sindidana nazo. Chondiwawa n'chakuti sindingathe kuloza chimodzi n'kunena kuti ichi analemba ndi uje wa kwa Chakhaza.

Malata awo ndinawasunga m'dengu kunsi kwa bedi. Dzimbiri lawadya, ndipo timilatho ta R tinaduka kale. Dzulo mdzukulu wanga anawayala pabwalo kuti alembe dzina la malemu agogo akewo. Tinafunafuna mpaka kuda, M sanapezeke.