Mbenji, Cilumba Cimene Nsomba Zimapumulako

Ife a ku Matero, Chawama ndi Kanyama timaidziwa nsomba ili youma kale, itayalidwa pa thebulo mu msika wa Soweto. Timakangana za mtengo wa kapenta, koma za kumene nsomba imaswana sitifunsa. Inenso ndinali cimodzimodzi kufikira pamene ndinapita kukacezera akucikazi ku Salima, m'dziko la Malawi, kudzera ku Chipata ndi pa malire a Mwami.

Tili pa gombe la Chikombe, alamu anga anandilozera kacilumba ka miyala kooneka patali m'nyanja. Amati Mbenji. Ndinapempha kuti tikafikeko, koma iwo anaseka nati, “Alamu, muno ndi mu Januwale. Ngakhale mutalipira zingati, palibe wa bwato amene angakuolotseni.”

Lamulo limeneli si la boma ai. Linacokera kwa mafumu a dera la Mfumu Makanjira m'zaka za m'ma 1950. Caka ciliconse mu Disembala asodzi onse amacoka pa cilumbaco ndi maukonde ao, ndipo amabwererako mu Epulo pambuyo pa mwambo wotsegulira. Pa nyengo yosodza, mowa, camba ndi njuga nzoletsedwa. Akazi nawonso saloledwa kupondako, ndipo apa amai a kunyumba kwanga anang'ung'udza, ine osapeza cowayankha.

Cimene cinandigwira mtima ndi kaleredwe ka nsombazo. Utaka, umene asodzi amaufuna kwambiri pa Mbenji, umasunga mazira ndi tiana take m'kamwa mwa make. Mbuna, tinsomba ta mawanga a buluu ndi acikasu tokhala m'miyala, timacitanso cimodzimodzi, ndipo mitundu ina imapezeka pa cilumba cimodzi cokha pa dziko lonse lapansi. Tsono ukonde ukakola mai mmodzi wotere, wapha banja lathunthu. Miyezi ya mvula ija imapatsa tiana mpata woti tikule.

Kwathu ku Zambia boma limatsekanso usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale. Koma tinene zoona, awerengi okondedwa: ndani wa ife sanagulepo nsomba yaiwisi mobisa m'miyezi imeneyi? Ku Mbenji wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi mfumu yake pamaso pa anansi amene amasodza nao.

Ndinabwerera ku Lusaka cilumbaco ndisanacipondepo. M'cola munali usipa wouma wokha, umene apongozi anandipatsa.