Ulendo wa ku Hungary ndi Slovenia kwa Osamwa Vinyo

Makampani okonza maulendo a magulu opita ku Hungary ndi Slovenia amakopa anthu ndi zinthu zitatu: chakudya, vinyo ndi chikhalidwe. Pa ndandanda ya tsiku pamakhala msika, nyumba zakale, kenako madzulo kulawa vinyo. Pa mbale napo nyama ya nkhumba sisowa. Kwa ife a Adventist funso limabwera msanga: kodi munthu amene samwa mowa ndiponso sadya nkhumba angayende ulendo wotere osagona ndi njala, osakhumudwitsa eni mudzi, komanso osaphwanya Sabata? Tinauyenda kumapeto kwa September, nyengo yokolola mphesa, tili anayi a mpingo wathu m'gulu la anthu pafupifupi makumi awiri. Tinapeza kuti n'zotheka, koma ntchito yaikulu imagwiridwa munthu asananyamuke.

Maiko awiriwa ndi oyandikana, pakati pa Ulaya. Hungary ndi dziko la zigwa, lopanda nyanja ya mchere, ndipo ndalama yake ndi forint. Slovenia ndi waung'ono, wa anthu oposa pang'ono 2 miliyoni, wamapiri, ndipo nkhalango zimaphimba kuposa theka la dziko. Anadziimira payekha mu 1991 ndipo amagwiritsa ntchito yuro. Onse awiri analowa mu European Union mu 2004, ndipo viza imodzi ya Schengen imakwanira maiko onsewa.

Tisanalipire

Tinalembera okonza ulendo zinthu zitatu momveka bwino: sitimwa chakumwa chilichonse choledzeretsa, ngakhale chothira mu chakudya; sitidya nkhumba kapena chophikidwa ndi mafuta ake; ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa kufikira Loweruka dzuwa litalowa sitidzayenda ndi gulu. Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa kumeneko munthu akati sadya nkhumba, wophika amangochotsa nyama yooneka, pomwe anyezi anakazingidwa kale mu mafuta a nkhumba. Tinalembanso mawu ochepa pa kapepala koyenda nako. M'Chihangare nkhumba ndi sertés, mafuta ake ndi zsír. M'Chisiloveniya nyama ya nkhumba ndi svinjina, mafuta ake ndi mast. Kapepalako kanatithandiza kuposa Chingerezi chathu.

Msika wa ku Budapest

Budapest inakhala mzinda umodzi mu 1873, pamene Buda, Óbuda ndi Pest anaphatikizidwa. Mtsinje wa Danube umadutsa pakati pake. Wotitsogolera anayamba kutionetsa msika waukulu wofolera umene unatsegulidwa mu 1897. Pansi penipeni amagulitsa nsomba ndi ndiwo zosungidwa mu mchere ndi viniga, pakati pali masamba, zipatso ndi nyama, ndipo pamwamba pali ophika. Paliponse palendewera tsabola wofiira womangidwa pa zingwe. Ameneyu ndiye paprika, amene amamuumitsa ndi kumupera. Tsabola anachokera ku America ndipo anafika ku Hungary m'nthawi ya ulamuliro wa Aturuki. Lero madera a Szeged ndi Kalocsa ndiwo amadziwika naye.

Ku Szeged komweko wasayansi Albert Szent-Györgyi anapatula vitamini C wambiri kuchokera mu tsabolayu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1937. Vitaminiyu amachepa chakudya chikaphikidwa nthawi yaitali, choncho tinakondwa kuona kuti pa kadzutsa amaika tsabola wachikasu wosawawa ndi tomato zosaphika pambali pa buledi. Tinadya zimenezi m'mawa uliwonse.

Chakudya chotchuka ndi gulyás, msuzi wa nyama ya ng'ombe, mbatata ya kachewere, anyezi ndi paprika. Nyamayo ndi yoyera, koma funsani mafuta ake. Lecsó ndi tsabola, tomato ndi anyezi zophikidwa pamodzi, ndipo ambiri amathiramo soseji ya nkhumba, koma mukapempha amakuphikirani yopanda. Chimene chinatisunga kwambiri ndi főzelék, ndiwo zamasamba kapena za mtundu wa nyemba zophikidwa mpaka msuzi utalimba: nsawawa, mphodza, sipinachi, kabichi. Ndi chakudya cha pakhomo, chotsika mtengo, ndipo sichimalembedwa kawirikawiri pa timabuku tokopa alendo.

Mzindawu uli pamwamba pa akasupe a madzi otentha. Malo osambirapo a Széchenyi anatsegulidwa mu 1913, ndipo tinapezako agogo akusewera chesi ali m'madzi. Madzi ofunda amamasula minofu, koma amene ali ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi kapena ali oyembekezera afunse adokotala asanalowe, ndipo asakhalitsemo.

Ku Tokaj, kumene vinyo ndi ulemu

Kuchokera ku Budapest basi inatitengera kumpoto chakum'mawa, ku Tokaj. Malire a dera la mphesali anakhazikitsidwa ndi lamulo la mfumu mu 1737, ndipo UNESCO inalilemba pa malo a chuma cha dziko lonse mu 2002. Mitsinje ya Bodrog ndi Tisza imakumana pamenepo. Nkhungu yochokera m'mitsinjeyi imabweretsa chuku cha mtundu wina chimene chimafotetsa mphesa, madzi n'kuchepa, shuga n'kuchuluka. Mphesa zofotazo amatola imodziimodzi ndi manja, ndipo ndizo amapangira vinyo wotsekemera wotchedwa aszú, amene amamusunga m'migolo m'mapanga okumbidwa m'thanthwe.

Apa anayife tinasiyana maganizo. Awiri anati kulowa m'phanga la vinyo n'kudziika pa mayesero komanso kupereka chitsanzo cholakwika, ndipo anatsala m'munda akuona okolola. Awiri analowa kukamva mbiri, atapemphatu madzi a mphesa osasasa. Sitinakakamizane. Chimene tinagwirizana n'chakuti palibe amene alawe, ngakhale pang'ono.

Kukana kumeneko si kopepuka. Mwini munda akukupatsani chimene banja lake lapanga kwa mibadwo, ndipo pokweza matambula amati egészségedre, kutanthauza kuti likhale la thanzi lako. Ku Slovenia amati na zdravje, tanthauzo lake lomwelo. M'nyumba zambiri mlendo amalandiridwa ndi pálinka, kachasu wa zipatso wa mphamvu yosachepera 37.5 peresenti. Tinaona kuti mawu ochepa amathandiza kuposa ulaliki: kuthokoza, kunena kuti sitimwa chifukwa cha chikhulupiriro chathu, ndi kuyamikira mphesa zimene tadya. Palibe mwini munda amene anakwiya. Amene ankafunsa kwambiri anali anzathu a m'basi, ena akuti tambula imodzi patsiku imathandiza mtima. Tinawauza zimene tikudziwa: bungwe la World Health Organization linanena mu January 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosaopsa ku thanzi, ndipo mowa uli m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Tikanena zimenezo tinkasiyira pomwepo, chifukwa tinali ndi masiku ambiri okhala nawo pa tebulo limodzi.

Chenjezo limodzi pa madzi a mphesa. Ofinyidwa kumene amatchedwa must m'Chihangare ndi mošt m'Chisiloveniya, ndipo amayamba kusasa m'masiku ochepa ngati thobwa losiyidwa. Ku Slovenia pa 11 November, tsiku la Martin Woyera, pamakhala chikondwerero chakuti mošt wasanduka vinyo. Choncho pemphani a m'botolo, otenthetsedwa kuti asasase: szőlőlé ku Hungary, grozdni sok ku Slovenia.

Nyanja ya Balaton ndi malire

Titabwerera ku Budapest tinalowera kumadzulo, m'mbali mwa nyanja ya Balaton. Ndi yaitali pafupifupi makilomita 77 ndipo ndi yosaya, koma ndiyo yaikulu koposa pakati pa Ulaya. M'malo odyera a m'mbali mwake amaphika halászlé, msuzi wa nsomba wofiira ndi paprika. Kawirikawiri nsomba yake ndi ponty, imene ili ndi mamba ndi zipsepse, koma ophika ena amasakanizamo harcsa, wa mtundu wa mlamba, wopanda mamba. Amene amatsata Levitiko 11 afunse asanaitanitse.

Pa malire basi sinaime n'komwe. Tinalowa m'dera la Prekmurje, kum'mawa kwa mtsinje wa Mura, kumene m'tauni ya Lendava zikwangwani zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri chifukwa kuli Ahangare ambiri. M'minda munali maungu ong'ambidwa, osiyidwa pomwepo, chifukwa alimi amangofuna nthanga. Nthanga za mtundu umenewu zilibe khungu lolimba. Amazikazinga, kuzipera ndi kuzifinya, n'kutulutsa mafuta obiriwira modera, onunkhira ngati mtedza wokazinga. Sakazingira chakudya mafutawa. Amangowathira pa nyemba zozizira zosakaniza ndi anyezi, kapena pa masamba osaphika. Mbale imeneyi, pamodzi ndi buledi wakuda, inatikhutitsa kuposa zonse zimene tinadya pa ulendowu.

Ku Maribor, m'mbali mwa mtsinje wa Drava, kuli mpesa wa zaka zoposa 400 umene ukuyangabe pa khoma la nyumba ndipo umabala chaka ndi chaka. Umadziwika kuti ndi wakale koposa padziko lonse mwa mipesa yobalabe. Anzathu analowa kukalawa vinyo, ife tinakhala panja tikuyang'ana mmene amaudulira, n'kumakumbutsana za Yohane 15.

Sabata ku Ljubljana

Tinafika ku Ljubljana Lachisanu masana, tinagula zipatso, buledi ndi tchizi pa msika wa m'mbali mwa mtsinje umene anaukonza katswiri wa zomangamanga Jože Plečnik, ndipo tinali m'chipinda dzuwa lisanalowe. Loweruka gulu linapita ku mapanga a Postojna, kumene alendo amalowa pa kasitima. Ulendowo unali kale mu mtengo umene tinalipira, ndipo ndalamazo sizinabwezedwe. Tinadziwiratu zimenezi tisananyamuke. M'malo mwake tinakapembedza ndi abale ndi alongo a mpingo wathu mumzindamo. Chilankhulo sitinamve, koma nyimbo zina tinazizindikira ndi kayimbidwe kake, ndipo mlongo wina wachitsikana anakhala pakati pathu n'kumatimasulira ulaliki motsitsa mawu.

Pakati pa mzindawu magalimoto saloledwa, choncho anthu amayenda pansi kapena pa njinga, ana ndi agogo omwe. M'misewu muli mipopi ya madzi akumwa aulere. Mu 2016 dzikoli linalemba m'malamulo ake aakulu kuti madzi akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense.

Chakudya chakale cha alimi a kumeneko sichinatisowetse mtendere. Žganci amaphika ndi ufa wa chimanga kapena wa mbewu yotchedwa ajda, ndipo chimafanana ndi nsima youma yonyenyedwa. Ena amadyera mkaka wowawasa, koma ambiri amawaza pamwamba tizidutswa ta mafuta a nkhumba okazinga totchedwa ocvirki, choncho nenani msanga. Jota ndi nyemba, kachewere ndi kabichi wowawasa zophikidwa pamodzi, ndipo nayonso imafunika kufunsa ngati mulibe nyama yofutsa. Soseji yotchuka ya kranjska klobasa ndi ya nkhumba. Za zotsekemera, monga potica wa mtedza, funsani ngati sanathiremo ramu.

Bled: mpweya, dzuwa ndi madzi

Malo omaliza anali nyanja ya Bled, m'munsi mwa mapiri a Julian Alps, kumene kuli Triglav wa mamita 2,864. Pakati pa nyanjayi pali kachilumba kokhala ndi tchalitchi, ndipo amafikako pa maboti opalasa ndi manja otchedwa pletna, kenako n'kukwera masitepe 99. Kuyenda pansi kuzungulira nyanja yonse ndi makilomita pafupifupi 6.

Mu 1855 munthu wa ku Switzerland, Arnold Rikli, anakhazikika ku Bled n'kuyamba kuthandiza odwala ndi mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, madzi, kuyenda m'mapiri m'mamawa ndi chakudya chosalira zambiri. Sanali wa mpingo wathu, ndipo anayamba zimenezi mpingo wathu usanakhazikitsidwe mu 1863, koma aliyense amene anaphunzitsapo uthenga wa zaumoyo azindikira mndandandawu. Alendo oyamba ambiri a ku Bled anabwera kudzafuna thanzi.

Pafupi ndi Bled, m'tauni ya Radovljica, muli nyumba yosungira mbiri ya ulimi wa njuchi, yokhala ndi timatabwa ta ming'oma tojambulidwa zithunzi. Slovenia ndiye anapempha United Nations kuti 20 May likhale tsiku la njuchi padziko lonse, pokumbukira Anton Janša, mphunzitsi wa ulimi wa njuchi wobadwa mu 1734. Tinagula uchi pang'ono. Kumbukirani kuti uchi ndi shuga ndithu, ndipo mwana wosakwana chaka sapatsidwa.

Zobwera nazo kunyumba

Amene akuganiza za ulendo wotere alembe zofuna zake asanalipire, afunse tsiku limene Sabata lidzawapeze ndi zimene adzaphonye, ndipo ayende ndi mtedza kapena zipatso m'chikwama pa masiku amene mbale ingabwere yolakwika. Kuyenda awiri kapena kuposerapo kumathandiza pa nthawi yokweza matambula.

Kwa amene sadzapitako, zambiri zimene zinatidyetsa bwino zili kale m'minda mwathu. Nthanga za maungu musataye: zitsukeni, ziumitseni, zikazingeni pang'ono, muzisinje n'kuwaza pa ndiwo kapena pa phala la ana. Nyemba zotsala dzulo, ngati zinasungidwa pozizira, zitenthetseni bwino, muthiremo anyezi, tomato, tsabola wobiriwira wosaphika ndi madzi a ndimu. Mukadya, tulukani mukayende pang'ono dzuwa lisanalowe.